Mawu a Amai Sanapite ndi Foni

Mwape, Nyimba
18 Febuluwale 2024

Okondedwa alongo anga a Felix,

Ndikhulupilila kuti muli bwino ku Solwezi kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno dzuwa latikhaulitsa, chimanga chapota masamba, ndipo atate amangodzuka ndi kuyang'ana kumwamba.

Musadabwe kulandila kalata ya pepala kuchokela kwa munthu amene akuphunzila zamakompyuta. Foni yanga inafa. Koma ndisanafike pamenepo, ndiyambe ndi amai. Mukaimba foni, atate amakuuzani kuti amai ali bwino. Sanama kwenikweni, pakuti akudya ndipo akuyenda ndi ndodo. Chimene sanena n'chakuti chiwagwetsele sitiloko ija mwezi watha, amai sanalankhulepo. Amatiyang'ana, milomo imagwedela, mawu osatuluka.

Pa Khilisimasi, asanadwale, ndinawajambula pa foni yanga akuimba nyimbo za kutchalitchi zimene anabwela nazo kuchokela ku Tete pothawa nkhondo ali mtsikana, zina m'Chinyungwe, zina m'Chipwitikizi. Mukudziwa kuti mu mpingo wathu palibenso wina amene amadziwa ndime zonse. Tsono sabata yatha ndikutchaja foniyo pa batile ya sola, ndinamva kafungo ka kupsa. Pakamwa pake polowetsa chingwe panali patada. Siinalandilenso moto, ndipo batile yake inali itatsala pang'ono.

M'mawa mwake ndinapita ku Nyimba kwa a Jethro, okonza mafoni pafupi ndi msika. Anaiunika, napukusa mutu.

"Mayi, kupsaku mwina kwafika m'kati. Ndikaitsegula, sindilonjeza kuti idzayakanso. Muli nazo zofunika m'menemu?"

"Muli mawu a amai anga," ndinatelo.

"Ndiye muzimitse pompano. Moto watsalawo ndiwo chuma chanu. Chingwe sichigwila, kakhadi kosungila zinthu foni iyi ilibe, ndipo mukati mutumize pa intaneti idzathima musanafike pakati."

Ndinaizimitsa, n'kuimanga pa nsonga ya chitenje, n'kukwela basi ya ku Petauke, kumene kuli sukulu yathu. M'njila monse ndinali kubweleza m'mutu zimene tinaphunzila m'kalasi. Alongo, pali njila yotchedwa SSH. Foni ndi kompyuta zikakhala pa Wi-Fi imodzi, zimatha kupatsana zinthu popanda chingwe, ndipo zimene zikudutsa zimakhala zotsekedwa, wina sangazione. Munthu umalemba malamulo pa kazenela kakuda ka pa foni. Ine kazenelako ndinali nako kale chifukwa cha maphunzilo, koma ndinali nditayeselapo ndi tizithunzi tachabechabe tokha.

Kusukulu ndinapeza aphunzitsi athu, a Benson, ndipo ndinawapempha kuti andichitile okha. Iwo anakoka mpando, n'kundilozela kompyuta.

"Foni ndi yanu, amai ndi anu. Khalani apa, a Olipa. Ine ndiima kumbuyo."

Ndinayamba ndakonza zonse pa kompyuta foni isanayake: ndinapanga chikwatu cholandilila, n'kulemba nambala ya kompyutayo pa dzanja. Kenaka ndinayatsa foni. Kamzele ka batile kanali kofiila. Ndinachepetsa kuwala mpaka zilembo kuoneka movutikila, n'kulemba lamulo lokopela, lija timati scp, ndi dzina la nyimbo yoyamba ndi nambala ija.

Inakana. Inangoti kompyuta siikulandila.

Ndinacheukila a Benson, koma iwo anangopinda manja. Ndinawakwiyila panthawiyo, sindibisa. Ndinapuma, n'kudzifunsa kuti kodi munthu akagogoda osayankhidwa, vuto limakhala kuti? Pamenepo ndinakumbukila kuti pulogalamu yolandila alendo pa kompyutayo timaizimitsa tikamaliza kalasi. Ndinaiyatsa, n'kuyesanso. Foni inandifunsa ngati ndikuikhulupilila kompyuta imeneyi. Ndinavomela, n'kulemba mawu achinsinsi, ndipo manambala anayamba kuthamanga.

Sindinakope zonse pamodzi ayi. Ndinayamba ndi nyimbo ya Pasaka, yaitali ija, kenaka ya malilo imene anaimba poika agogo, n'kumatsika motelo malinga ndi kulemela kwake. Anzanga a m'kalasi anasiya zawo n'kundizungulila. Nyimbo ikafika ankaomba m'manja ngati tili ku bwalo la mpila. Nyimbo zonse zitawoloka ndinayamba kukopa kanema wa chakudya cha Khilisimasi, mmene atate anavina. Ali pakati, foni inathima. Ameneyo ndiye tinataya, ndipo atate akuti Mulungu wawachotsela manyazi.

A Benson anatsegula nyimbo imodzi kuti tione ngati yafika yonse. Mawu a amai anadzaza kalasi. Itatha, aphunzitsi anati, "Mawa mudzaime kutsogolo, muphunzitse anzanu zimene mwachitazi." Ndinaimadi, alongo. Ine Olipa wa ku Mwape, choko m'manja, amuna akuluakulu akulemba zimene ndikunena!

Nyimbozo ndinaziika pa kakhadi kolowa mu wailesi ya atate. Mailo madzulo, titakhala pakhonde, ndinayatsa. Amai anatembenuka msanga ngati wina wawaitana. Anamvetsela ndime yoyamba ya nyimbo ya Pasaka maso ali pa wailesi. Itayamba yachiwili, anatsegula pakamwa n'kulowa m'nyimboyo. Mawu anali okokeka, mbali imodzi ya mlomo siinali kumvela, koma anaimba mpaka kumapeto osaphonya liwu. Atate anavula chipewa n'kuphimba nacho nkhope.

Musathamange ndi mtima. Nyimbo itatha ndinati, "Amai, ndine ndani?" ndipo sanathe kutchula. Anamwino a kuchipatala chathu ati zimachitika kuti munthu aimbe asanayambe kulankhula, ndipo atilimbikitsa kuti tiziimba nawo tsiku lililonse. Azimai a kwaya ayamba kale kugawana masiku, ati aphunzile ndime zonse mwiniwake alipo.

Pempho langa ndi limodzi. Pemphani tchuthi kuntchito, mubwele pa Pasaka. Musatumize munthu, musatumize katundu, mubwele inu.

Atate akupeleka moni, ati muwapemphelele mvula. Mundipelekele moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo tsopano ndi aphunzitsi. Lelo ndikulemba kalatayi ndinafunsa amai kuti, "Nanga a Felix ndiwauze chiyani?" Anayesa, mawu anakana. Ndiye anandigwila dzanja, n'kutsitsa chibwano, n'kuyamba kung'ung'udza ndi mawu aakulu a pansi, mbali ya besi imene munkaimba inu kumbuyo kwa kwaya. Moni wawo ndi umenewo. Ndaulemba monga ndathela.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Olipa