Utsi m'Chipinda cha Ababa

Lolemba, 9 Juni

Chiperoni chayamba. Phiri silikuoneka, chifunga mpaka pakhonde. Ana a sitandade 5 kunjenjemera tsiku lonse, ine choko m'manja koma mtima uli kunyumba.

Ndafika cha m'ma 2, chipinda cha ababa chodzaza utsi. Utsi! Adokotala ananena kawiri konse mwezi watha kuti mphumu ya ababa imadana ndi zinthu ziwiri, kuzizira ndi utsi. N'chifukwa chake ndinakapangitsa chitofu kwa a Luqman, owotcherera zitsulo pamsika. Mgolo wodula pakati, kachitseko, miyendo itatu, paipi yotulukira kumbuyo, n'kukhota, n'kukwera kukaboola malata. Moto m'kati, utsi kunja. Anandilonjeza choncho, dzanja pamtima.

Lero paipi yaguluka pokhota paja, pachigongono. Ili lende. Ababa pampando pafupi ndi khomo, maso psuu, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Kuwafunsa, akuti, "Yangogwa yokha." Sabata ziwiri zokha chiikireni.

Ndaibwezera ndi sanza m'manja. Chala chapsa. A Luqman andidziwa.

Lachinayi, 12 Juni

Ndinadzera kumsika. Munthuyo ali phee, akuwotcherera wilibala ya wina, magalasi akuda pamphumi. Ndawauza zonse anthu akumva. Iwo osakweza n'komwe mawu: "Aphunzitsi, chigongonocho ndinachisiya chovula dala, kuti muzichotsa mwaye. Koma chokha sichingagwe." Ndiye kuti ndikunama? Kapena kwathu kuli mizukwa yodana ndi mapaipi?

Abwera madzulo, amanga ndi waya. Amvetsera chifuwa cha ababa, apukusa mutu, apita.

Mlongo wanga Jonathan watumiza mawu pafoni kuchokera ku Joni. Akuti asisi, bwanji osagula hita yamagetsi. Magetsi ake ati ku Nchema kuno? Zaka zisanu ndi ziwiri osaponda mudzi uno, maliro a amayi anaonera pafoni, koma nzeru ndiye amatumiza tsiku ndi tsiku.

Lamlungu, 15 Juni

Sindinapite kutchalitchi. Tsiku lonse ndi chitofu. Kuchotsa phulusa, kugogoda paipi ndi mpini, kukolopa m'kati mwake ndi sanza yomanga kunsungwi. Mwaye theka la ndowa. Tsitsi, mphuno, zonse bii.

Nkhuni ndi vuto lina. Bulugamu wa kwa a Dorothy, oyandikana nafe, ngwamuwisi, amangolira thovu. Zouma zenizeni ndi mitengo ya khitchini yakale ija. Imayaka bwino zedi, zaka makumi anayi ikuuma ndi moto wa amayi. Ndawaza nsichi ziwiri.

Khitchiniyo ndinagwetsa ndine, sabata itatha maliro, ndipo sindikupepesa kwa aliyense. Denga lonse lakuda, mwaye uli lendelende, anthu awiri okalamba kukhalira momwemo m'mawa mpaka madzulo. Ndi imene inawononga chifuwa cha ababa. Mwina ndi amayi omwe. Ndinauza aganyu kuti chilichonse chili kudengako ndi zinyalala, chikatenthedwe. Ababa anaima poteropo ndi ndodo yawo, akuonerera.

Abale awo a ku Ndunde anafuna kuwatenga. Akuti mkamwini mkazi akamwalira amabwerera kwawo. Ndinawayankha pamaso pa anthu kuti a Francisko akhala pamudzi pano zaka makumi asanu, sapita kulikonse, ndiwasamala ndine, ndipo nyengo yozizira ino aidutsa. Ndinalumbira. Tsopano onse akudikira aone.

Lachitatu, 18 Juni

Kachiwiri!

Waya womasuka, chigongono pansi, utsi ukutuluka pazenera ngati tikuwotcha njerwa. A Dorothy anathamanga ndi chidebe cha madzi poganiza kuti nyumba ikupsa. Ababa akupuma ngati akukwera phiri. Kupopera mankhwala awo kanayi asanakhale bwino.

Ndakalipa. Ndakalipira waya, a Luqman, chitofu, Jonathan, boma, onse. Ndakalipiranso ababa chifukwa chongokhala mu utsi ngati nsomba yowamba m'malo motuluka. Iwo maso pansi. Manja awo akuda. Akuti amayesa kuibwezera.

M'phulusa ndapezamo masamba a mango osapsa bwino. Aawisi. Ndawauza kakhumi kuti m'chitofu mumalowa nkhuni zouma basi. Ukalamba ndi umwana ndithu.



Loweruka, 21 Juni

Ndathana nazo. Ndazula paipi yonse, ndakweza pa kabaza, ine pambuyo wapansi mpaka kumsika. Ndauza a Luqman awotcherere chigongonocho chisadzagulukenso mpaka Yesu adzabwere.

Anakana kaye. Akuti mwaye ndizichotsa bwanji. Ndati ndizikwera padenga, si nkhani yawo. Kenako akuti, "Waya uja ndinapota ndi pulayala, aphunzitsi. Waya samasuka yekha. Mwawafunsa bwino madala?" Ndinawayankha kuti ntchito ikakukanika usamanamizire nkhalamba yodwala. Anangovala magalasi awo.

Tabwezera madzulo. Ndagwedeza ndi manja awiri, osasuntha. Moto ukuyaka, chipinda chofunda, mpweya woyera. Ndinaima panja kuonerera utsi ukutuluka pamwamba pa malata. Kukoma kwake!

Ababa anayang'ana powotcherera paja nthawi yaitali. Anapagwira ndi chala. Zikomo sananene.

Lachiwiri, 24 Juni

Masiku atatu opanda utsi. Chifuwa chayamba kumasuka. Nanga si ndinanena?

Koma sakudya bwino. Ndipo mpando wawo ndimaupeza pakona, kutali ndi moto, pamwamba pake pali dothi la kuphazi. Akukwerapo? Kufuna chiyani? Akagwa n'kuthyoka mwendo anthu a ku Ndunde adzati ndine.

Lachisanu, 27 Juni

Ndilembe zonse mmene zachitikira.

Ahedi anatiweruka msanga chifukwa cha nyengo. Mvula yowaza ija yosaleka, mphepo yolowa m'mafupa. Ndafika 11 koloko. Chitofu chikuyaka bwinobwino, chipinda chofunda, ababa mulibe. Jekete lawo pa msomali.

Ndawapeza kuseri, pamalo pomwe panali khitchini. Anjuta pamatope, malaya amodzi, onyowa mpaka m'kati. Akoleza kamoto pamafuwa akale a amayi, aunjikapo masamba a mango, utsi tolo! Ndodo yawo aigwira ndi manja awiri pamwamba pa utsiwo, ndipo pandodopo papachikidwa chimanga. Zitsononkho khumi ndi zinayi, zomanga ziwiriziwiri ndi makoko ake. Jekete anavula kuti lisanunkhe utsi, ndingadziwe.

Mfundo zake ndinazizindikira ndisanafike pafupi. Amayi okha ndi amene amamanga choncho, kupota kawiri n'kubweza nsonga m'kati. Mbewu yawo ya chimanga cha makolo, chija ankati agogo awo anabwera nacho pamutu kuchokera ku Mozambique. Amayi anasankha mu Epulo, sabata imodzi asanagone. Chaka chilichonse imakhala kudenga la khitchini, utsi n'kumaiteteza kwa anankafumbwe mpaka mvula. Ine ndinkadziwa zimenezi. Ndinakulira pansi pa denga limenelo! Koma tsiku logwetsa lija sindinaganizeko n'kamodzi komwe.

Ababa anachichotsa okha m'mawa aganyu asanafike. Anabisa pamwamba pa khoma la chipinda chawo, pansi pa malata. Pakhomo pano panalibenso utsi, ine ndimaphika pa mbaula ya makala panja. Ndiye ndikapita kusukulu amavula chigongono, n'kuponya masamba. Nditawotcherera, anayamba kutuluka panja. Masiku asanu, mu chiperoni.

Ndinakuwa. Sindikumbuka zonse. Ndinati mukufuna kufera chimanga? Ndinati mbewu ili mbwee m'masitolo, mankhwala a anankafumbwe aliponso. Ndinati bwanji osandiuza?

Anati, "Ukanakalipa, Magi. Unati zonse za kudenga ndi zinyalala."

Basi. Mawu okhawo.

Ndawasintha zovala, ndawafunditsa mabulangete onse. Akunjenjemera ngakhale chitofu chafiira.

Lamlungu, 29 Juni

Kuchipatala cha mishoni. Chibayo. Timapaipi m'mphuno, diripu pamkono.

Adokotala anandifunsa ngati kunyumba kumafunda. Ndinati kumafunda kwambiri. Anandiyang'ana ngati wabodza. Ndikanayamba pati kufotokoza?

A ku Ndunde abwera atatu. Akhala pabenchi, manja pamiyendo, akungondiyang'ana. Bola akanatukwana.

Ndakwiya. Ndakwiyira ababa, munthu wamkulu wosankha zitsononkho kusiya moyo wake. Ndakwiyira amayi pomwalira osandiuza kuti Magi, kudengako kuli mbewu. Ndakwiyira a Luqman chifukwa ananena zoona. Safunsa anadya phula, ndimaphunzitsa ana mwambi umenewu chaka ndi chaka, ndimawapatsa mpaka mayeso.

Jonathan akuti atumiza hita ndi basi.

Lachiwiri, 1 Julayi

Atsegula maso masana. Ndimayesa afunsa madzi. Akuti, "Chili kuti?" Ndati chili m'thumba, m'chipinda mwanu. Akuti thumba ayi, m'thumba ndiye muli anankafumbwe. Kupuma kovuta, liwu limodzi, kupuma, liwu lina. Kenako, "Masamba aawisi. Moto usakule. Utsi wokha."

Munthu ali pa mpweya wa m'botolo akundiphunzitsa kufukiza chimanga. Ndinafuna kuwagwedeza. Ndinangoti chabwino, ababa.

Lachitatu, 2 Julayi

A Dorothy atsala nawo kuchipatala. Ine m'mawa kumsika. A Luqman atandiona anaika chitsulo pansi. Ndati ndikufuna mudule pomwe munawotcherera paja. Ndimadikira andiseke, kapena anene kuti nanga si ndinakuuzani. Anangotenga sowo n'kukwera njinga. Pobwerera anakana malipiro alionse, akuti mukawapatse moni madala.

Ndapachika chimanga pa waya, pamtanda wa denga, pamwamba penipeni pa chitofu. Ziwiri zafumbwa kale, ukagwedeza ufa ukugwa. Ndinazipatula. Zatsala khumi ndi ziwiri.

Nkhuni ya nsichi ya amayi pansi, masamba a mango pamwamba, chigongono ndavula ndi manja angawa. Ndatseka zenera ndi chitseko, ndakhala pakhonde. Utsi ukutuluka m'mphepete mwa malata, nyumba yonse kununkha ngati khitchini yakale. Fungo la nsalu ya amayi. Sindinayembekezere zimenezo. Ndalira mpaka mutu.

Chitofu chomwe ndinamenyera nkhondo mwezi wathunthu kuti chisatulutse utsi.

Ababa ndawauza madzulo kuchipatala. Anagwira dzanja langa n'kulinunkhiza. Anati, "Eya."

Lachisanu, 4 Julayi

Kutentha thupi sikukutsika. Asintha mankhwala. Ansembe anabwera.

Ndafukizanso m'mawa ndisanapite. Ndikufuna akatuluka adzapeze

Lamlungu, 14 Disembala

Kabuku aka ndakapeza m'thumba lomwe ndinapita nalo kuchipatala. Sindinakatsegule chiyambire.

Mvula inagwa pa 3. Ndinabzala pa 5, kuseri, pomwe panali khitchini mpaka kumtengo wa mango. Ndinatonola ndekha. Mwa khumi ndi ziwiri zija, zisanu ndi zinayi zinali zabwino, njere zolimba, zakuda ndi utsi kunja kwake. Miyezi isanu ndikufukiza kawiri pasabata chipinda chopanda munthu. Mu Okutobala, kutentha konse kuja, a Dorothy ankati aphunzitsi mwapenga.

Lero ndawerenga mizere. Yonse yamera. Mapando ochepa okha ndi amene alibe.

A ku Ndunde anapempha kuti ababa akaikidwe kwawo. Ndinakana. Ali pafupi ndi amayi. Azakhali pochoka anapempha mbewu pang'ono ikadzacha, akuti kwawo inatha kalekale. Ndinati tidzaona.

Hita ya Jonathan inafika mu Ogasiti. Ili m'katoni.

A Luqman anandiimitsa pamsika dzulo, akuti chitofu chisachite dzimbiri ndi mvulayi, ndichipake mafuta, ndipo ngati ndikufuna abwere adzawotchererenso chigongono. Ndati chisiyeni chovula. Mu Epulo ndidzachifuna.

Ndikadali wokwiya nawo ababa. Tsiku lililonse. Akanangonena. Ndikanakalipa, inde, ndikanakalipa mpaka a Dorothy kumva, koma kenako ndikanawamangira kakhitchini kena, ngakhale ka mapesi. Amandidziwa, anandibereka okha. Kapena mwina amandidziwadi.

Madzulo ano ndatenga makoko aja ndinasunga. Ndamasula mfundo imodzi ya amayi pang'onopang'ono kuti ndione mmene imayendera. Kupota kawiri, kubweza nsonga m'kati. Ndayesa kasanu ndi kamodzi, yanga ikumasuka.

Zatsala mfundo zisanu zoti ndiphunzirirepo.