Nyumba ya Nsichi za Muwanga

Okondedwa alamu a Malizani,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Kitwe. Kuno ku Chezi mvula yayamba ndipo mtedza wamera. Zikomo chifukwa cha uthenga wachipepeso. Mlongo wanu Edina tinamuika bwino.

Kodi mukuikumbukira nyumba ija anamanga agogo anu atangofika paphiri pano, pakadali nkhalango? Nsichi zake za muwanga chiswe chinazilephera. Chaka chilichonse Edina ankaizira, ine n’kumafolera. Mabuku anga amakhala momwemo, ndipo maso ake atafooka ndinkamuwerengera pakhonde pake.

Matenda atakula, anapempha kuti timuchotse m’nyumba yanjerwa, tikamugoneke m’menemo. Ndinavomera osaganiza za mwambo. Tsopano akuluakulu akuti nyumba yomwaliramo munthu iyenera kugwetsedwa, akungodikira tsiku lometa kachiwiri. Azakhali anu, a Nachisale, anandiuza akulira kuti, “Aphunzitsi, kuwerenga konseku, osadziwa kumutulutsira pakhonde?” Edina anali atagona bwino, akuyang’ana kudenga, ndipo sindinafune kumusuntha.

Mukudziwa kuti mkamwini salamula pamudzi pa eni. Koma inu ndinu magazi awo, ndipo ngakhale munachoka muli mwana, mukawaimbira adzakumverani.

Tsiku lomwelo akambirananso za ine, koma zimenezo musavutike nazo. Ine kwathu kulipo ku Madisi, ngakhale amene angandizindikire atsala ochepa. Nyumbayi ndi imene ilibe kwina kopita.

Moni kwa onse pakhomopo.

Ndine mlamu wanu,
Benjamini Kachiwanda