Nkhope Zisanu za Apongozi

Lolemba, 9 Juni
Manyazi lero. Apongozi atha milungu iwiri kuno, ndipo anenetsa kuti sachoka mpaka nditawaphatikizira zithunzi zisanu kukhala chimodzi: iwowo, malemu amuna awo ndi ana atatu. Banjali silinajambulitsepo limodzi. Ndinaziputa ndekha, podzitama kuti zamakompyuta ndinaphunzira kukoleji.

Laputopu yangayi ndi nkhalamba, pulogalamu yokonzera zithunzi ikukana kutseguka. Ndatsala ndi kawindo kakuda kolembamo malamulo. Umalemba osaona kanthu, zotsatira umaziona pambuyo. Ndatsegula zotsatirazo apongozi ali pambali panga: nkhope zonse zasanjikizana pamutu umodzi, maso khumi, ndevu za malemu pachibwano cha mkazi wanga.

"Bambo, kukolejiko munkaphunzira zoumba mizukwa?"

Lachiwiri, 10 Juni
Chipinda tili nacho chimodzi. Ine pasofa. Msana!

Lachitatu, 11 Juni
Ndazitulukira. Aliyense umamupatsa manambala a malo ake, ndipo womulemba pomaliza ndiye amaima kutsogolo. Apongozi atamva zimenezi akoka mpando. Woyamba kubadwa asaime kumbuyo kwa mng'ono wake. Mlamu wamng'ono asunthire kumanzere, "awiriwo sayankhulana". Ine kusintha manambala, iwo kupukusa mutu, mpaka tiyi kuzizira.

Lachinayi, 12 Juni
Ndaiwala kulemba dzina la chithunzi chatsopano kumapeto kwa lamulo. Kompyuta yangotenga dzina lomaliza, la malemu, n'kulembapo pamwamba. Nkhope yawo yatsala theka, kwinako kwaphimbika ndi phewa la mlamu. Chithunzi chawo chapepala chinasowa kalekale. Thukuta kamukamu.

Ndamunong'oneza mkazi wanga kukhitchini. "Ndiye bambo anga mwawaika m'manda kawiri?" Wandisiya ndikuuma kaye, kenako watulutsa foni: paja anachita kunditumizira ndi iyeyo, chikadalimo. Mtima m'malo. Ndachisunga patatu.

Loweruka, 14 Juni
Chithunzi cha banja lonse chatheka, ndakachisindikiza m'mawa. Apongozi achiyang'ana nthawi yaitali, chala chili paphewa la malemu.

"Apa ndiye takwana tonse."

Achikulunga m'thaulo n'kuchiika pakati pa zovala. Chikwama chinali chomangamanga kale, sindikudziwa kuyambira liti. Pakhomo atembenuka: "Khutu la mlamu wanu wamkulu mwalidula pang'ono. Lisiyeni, n'kale lomwe samva."

Ndawanyamulira chikwama mpaka pokwerera basi. Chithunzi achitulutsanso basi isananyamuke, akuonetsa mayi wokhala naye mpando umodzi. Ine kubayibitsa, iwo osandiona n'komwe.