Yankho Limene Munapita Nalo

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo, kungoti chiperoni chatikwana, sabata yonse zovala sizikuuma. Mkazi wa mwana wanu Yohane wachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akayamba kulira mzere wonse wa nyumba za pa esiteti umamva, moti anthu akuti dzina lapeza mwiniwake. Nandolo wa kumunda kwanu ku Khonjeni sanachite bwino, tinagawana ndi mbuzi za aneba. Ine ndinasiya kuthyola tiyi, msana unakana dengu. Anandisamutsira kunyumba yakale ya bwana ija, imene tsopano mumagona alendo, ndimakolopa ndi kupukuta fumbi.

M'nyumbamo muli chipinda chodzaza mabuku a nkhondo amene azungu akale anasiya. Ena ndi a ankhondo ovala zitsulo amene ankakalimbirana Yerusalemu, ena analemba asilikali eniake atabwerera kwawo. Alendo sawakhudza, amangofunsa netiweki. Ine ndi kachingerezi kanga ka Fomu 2 ndimawawerenga pa nthawi yopuma. Anthu amenewa sabisa kanthu, Amayi: nsabwe, njala, mantha, mnzawo amene anamusiya panjira. Ndinadzifunsa kuti nanga abambo, amene ali msilikali anakhala zaka akulondera njanji ku Mozambique, buku lawo lili kuti? Ndinagula kope kuti ndilembe ine.

Inu munkati za kunkhondo sizilowa m'nyumba, zimathera kuseri. Lachisanu lililonse, Sabata lisanalowe, munkawakhazika pampando kuseri kwa bafa n'kumawameta ndi lumo, iwo akulankhula pansipansi m'Chilomwe. Ife tikasuzumira munkatithamangitsa, mukuti khutu la mwana ndi dengu lobooka. Akachoka kumeneko ankabwera akuimba mluzu. Chilomwecho simunatiphunzitse, munkati atiseka kusukulu ndipo sichilembetsa munthu ntchito. Pamenepo munatilakwira, ndipo ndinene poyera kuti ndakwiya nanu.

Abambo mutu wayamba kuwathawa. Chichokereni inu padziko pano, Chichewa chakhala chikuwatayika, pano atsala ndi Chilomwe chokhachokha. Kuchipatala anati ndi ukalamba, tizingowasamala. Lumo lanu ndinatenga ine. Lachisanu loyamba nditangowanyowetsa mutu ananditchula dzina lanu, n'kuyamba kufotokoza. Kope lija ndinaliika pambali, chifukwa zimene ndimatolamo ndi mawu atatu okha: madzi, njira, mwana.

Nkhani yake ndi imodzimodzi sabata ndi sabata. Akafika pamalo ena amandigwira dzanja la lumo, n'kutembenuka, n'kundiyang'ana, kudikira kuti ndiyankhe. Ndayesa kuti eya, ndayesa kupepesa, ndayesa vesi ndi nyimbo. Amangopukusa mutu misozi ili chuchuchu. Tsiku limenelo sadya, Sabata lonse sadya, ndipo thalauza lawo tsopano tikulimanga ndi chingwe.

Ndinaitana mng'ono wanu wa ku Changata, amene Chilomwe amachimva bwino, kuti adzakhale kuseri kwa mpanda n'kumamvetsera. Abambo anamva kutsokomola, pakamwa anatseka. Lachisanu linalo ndinabisa foni m'thumba n'kuwajambula mawu. Ndikudziwa, kumeneko ndi kuba, musandiyang'ane choncho. Amayi aang'onowo anamvera mpaka pakati, n'kuzimitsa, n'kundibwezera foni. Anati zimenezo munazisenza inu zaka zonsezi ndipo si zolemba m'kope. Nditawachonderera anandimasulira funso lokha: abambo amafunsa ngati mwana uja anakafika kwawo. Mwana wa yani, sanandiuze. Zimene inu munkayankha, iwonso sakuzidziwa.

Ndinawapempha kuti andiphunzitse kunena kuti anafika. Ndinaloweza mawuwo ndikukolopa, sabata yathunthu, mpaka anzanga kumandiyesa wopenga. Lachisanu lathali abambo atandigwira dzanja ndinawanena, bwinobwino, osaphonya. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenaka, m'Chichewa chomveka chimene sindinachimve m'kamwa mwawo kwa miyezi itatu, anandiuza kuti ine si inu, chifukwa inu simunawanamizepo. Anadzuka mutu uli wometedwa mbali imodzi, n'kukalowa m'nyumba.

Ndiye mwanayo sanafike, Amayi. Inu munkadziwa, simunkanama, komabe munthu ankachoka pampandopo mtima uli m'malo. Munkawauza chiyani? Ndabwereranso m'chipinda cha mabuku chija, ndatsegula limodzilimodzi mpaka maso kuwawa. Onse amanena zimene msilikali anaona. Palibe ngakhale limodzi lonena zimene mkazi wake ankamuyankha. Ndasowa pogwira, ndipo ndikuopa kuti abambo adzabwera kwanuko ndi njala ine ndili pomwepa ndi mbale m'manja.

Mawa ndi Lachisanu. Sindikudziwa ngati alola kukhalanso pampando, koma madzi nditenthetsa. Akandigwira dzanja sindiwanamizanso, limenelo ndalonjeza. Ndidzangowagwira nanenso, tidikire limodzi, mwina inu mungatikumbukire.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale ndakwiya,
Esinati