Namapopa Wadazi

Atate ake Leah,

Pepani, ndatenga njinga yanu, ndathamangira ku Zemba. Amayi anu apeza kope lija ndimalembamo nthano yoseketsa ya namapopa wofunsira nesi. Awerenga mzere umodzi wokha, pomwe nesiyo akuti, "Ndipope magazi onse, ndine wako." Basi akuti ndi kalata yanga yopita kwa chibwenzi, ndipo anyamuka nalo kukaonetsa ankhoswe athu ku Zemba komweko. Ndikufuna ndiwapeze asanafike.

Anulani nshawa mbuzi zisanazione, kenako munditsatire wapansi. Musaseke, ukwati ndi wanunso uwu!

Mwayi wake, namapopayo ndinamupatsa dazi ngati lanu lomwe. Ankhoswe akafunsa kuti chibwenzicho ndi ndani, inu musalankhule. Ingovulani chipewa.

Ndine wanu,
Elinata