Hedi ya Achipewa ndi Khutu Langa

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu. Nanga bondo lija likuti bwanji? Ine ndilipo, kupatula chimene ndikuuzenichi.

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi mnzanga wowotcherera zitsulo pagalaja pathu pano. Ndikuti kundiuza, chifukwa ngakhale ndi nkhani ya m'mutu mwanga momwe, mwini wakene sindinkaidziwa.

Paja kuno dzina langa linaiwalika, onse amati Akhutu. Sukulu ndinangoidutsa kuseri, koma injini ikamalira ndimagunditsa sikuludiraiva yaitali pachitsulo, chogwirira chake kukhutu, n'kunena chimene chavuta. Ntchitoyi, ndi kachipinda kakuseri kwa galaja komwe ndimagona, abwana anandipatsira khutu lomweli.

Tsono kunabwera galimoto yakalekale, yofiira, ya mkulu wina amene timamutcha Achipewa, poti chipewa savula ngakhale posuzumira kunsi kwa galimoto. Anati akufuna hedi, chivundikiro chija cha pamwamba pa injini, ikonzedwe kuti galimoto izikoka kuposa mmene inkakokera ili yatsopano. Abwana anaseka, amvekere kompyuta yawo ilibe pomwe ingalumikizidwe, nkhalambayi ipite kwa nkhalamba inzake.

Ntchitoyo inagwera ine, ndipo ndinaigwira ndi mtima wonse. Hediyo inali itapindika ndi kutentha, tinakaipalitsa. Njira za mpweya ndinazikuza n'kuzisalaza mpaka chala kumaterereka. Ndinaika mavalavu okulirapo, tizitseko ta njira za mpweyazo, ndi masipuling'i olimba, valavu iliyonse n'kuipekesa pamalo pake ngati munthu wopekesa moto, manja kuchita matuza. Nditathira palafini kuti ndione ngati ikudontha, sipanatuluke ndi kadontho komwe. Gasiketi yatsopano yotseka mpata pakati pa hedi ndi injini, mabawuti kumanga kuyambira pakati. Chinatsala n'kutchera matapeti, timipata tija toti tikakula injini imagogoda, tikachepa valavu imapsa. Timeneto ine ndakhala ndikutchera ndi khutu moyo wanga wonse.

Nditailiza injiniyo, kwa ine inkangong'ung'udza bwinobwino ngati mphaka wokhuta. Ndinayamba kupukuta manja, kudikira kutamidwa. Mnzanga uja anazimitsa moto wake n'kundikokera pambali. Anati ikugogoda ngati makina a telala, ndipo amene ali kuchipata akuimva. Ine ndinati imeneyo ndi nsanje ya anthu omata zitsulo. Iye osaseka. Anandiuza kuti papita miyezi anthu akundilankhula mokuwa, ndipo foni imalira m'thumba mwanga ine osatekeseka.

Achemwali, pomwepo ndinabwerera pa injini ija. Ndinaika sikuludiraiva kukhutu lamanja, zii. Lamanzere, mkokomo wokha ngati mvula ikugwa kutali. Ndinakumbuka kuti mano nawo amamva, ndiye ndinaluma chogwiriracho. Koma paja mano anga mukuwadziwa, otsalawo sapatsana moni. Ndinangomva mutu kunjenjemera. Mnzangayo anayesa kundithandiza, kukweza chala ikagogoda, kutsitsa ikaleka. Koma khutu la wowotcherera silisiyanitsa tapeti iyi ndi iyo. Tinachita kulekera kutopa, ine ndikungolota.

Pempho langa ndi limodzi. Mwakhala mukudandaula kuti tauni yandilowa, foni sindiyankha, ndikayankha ndimangoti eya, eya. Si mwano ayi. Lekani kuimba, muzilemba. Ndipo zilembo zake zikhale zikuluzikulu ngati za pamabokosi a sipeya, poti kuwerenga ndinaphunzirira pamenepo.

M'mawa mwake Achipewa anafika n'kuiliza galimoto yawo, boneti ili yasa. Ine maso anali pankhope za anthu, poti ndimo mwatsala makutu anga. Abwana anapendeketsa mutu. Anatenga sipanala m'manja mwanga mwaulemu, n'kutcheranso matapeti amene ine ndinkayesa kuti ali bwino. Achipewa anaponda mafuta, nkhope yonse kuwala, n'kundikuwira pafupi:

"Akhutu, mukuimva mmene ikuyimbira?"

Ndinaika dzanja pachitsulo, n'kuvomera ndi mutu.

Galimoto itatuluka, abwana anapachika sikuludiraiva yanga pamsomali, n'kundilozera hedi ina yofunika kupekesa mavalavu. Manja akuwafunabe, mpaka liti sindikudziwa. Za kachipinda kaja sananene kanthu. Kapena ananena, ine sindinamve.

Mupereke moni kwa alamu, azakhali, ana anu onse ndi adzukulu. Mdzukulu wolongolola uja mumuuze kuti agogo ake tsopano sadzamudulanso pakamwa.

Tsalani bwino.

Ine mlongo wanu,
amene kuno akumutchabe Akhutu