Buluku lanu lagwidwa

Bambo a kunyumba,

Mukadzuka musandifunefune, ndatsikira pansi kukakangana ndi mayi woyang'anira nyumba ya alendo ino. Zovala zija ndinachapa m'mawa ndinaziyanika pakhonde, ndiye iye wadzaanula zonse inu muli mkonono. Akuti khondelo linayang'ana kumsewu wakale umene alendo amakonda kujambula, choncho kabudula wanu wamkati akuwononga zithunzi za anthu. Akuti tizipereka zovala kwa ochapa awo, pamtengo woti tingadyere masiku awiri.

Ndamuuza kuti nafenso ndife alendo. Wangondiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Zandiwawa. Tayenda tsiku lonse pabasi, tikudya buledi wouma kuti tione nawo mzinda wotchukawu, ndiye atimane ndi dzuwa lomwe?

Pepani, buluku lanu lapita nawo, ndipo paja munabwera ndi limodzi lokha kuti chikwama chipepuke. Musatuluke. Buledi ali patebulo. Wina akagogoda, fundani bulangete.

Ndikalephera kuliwombola, mzindawu muuonera pawindo. Pamenepo pokha sanayambe kulipiritsa.

Ndine mkazi wanu wokwiya